Ufa wa amayi okha

Mukapita ku Mandimba n'kufunsa za mlembi wa boma amene ankagawa ufa nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, aliyense akuuzani kuti anali munthu wa Mulungu. Amayi achikulire mpaka amawomba m'manja. Akuti pakanapanda iye tonse tikanatha. Chabwino, anthu anadya, sindikukana. Koma ine ndili ndi yanga, ndipo ndiinena mmene ilili. Sukulu ndinalekera panjira kwa apadiri, ansembe a ku Masangulo, mawu okometsera sindiwadziwa. Munthu ameneyo anandilanda mwana.

Ine kwathu ndi cha kunyanja ya Chiuta, kwa asodzi. Ndinapita ku Ngauma ndi nsomba zouma panjinga, ndinaona mkazi pamudzi wina cha ku Itepela, basi ndinakhala konko. Mkamwini. Nyumba ndinamanga pa malo a apongozi, munda ndinkalima wa mkazi wanga. Mwana wamoyo tinali naye mmodzi, wamkazi, wa msinkhu woti ukamutuma kukapala moto kwa anzako amabwera nawo osadzitentha.

Nkhondo itafika kwathu zinali chonchi. Anyamata a m'tchire, omenyana ndi Apwitikizi, ankabwera kudzapempha chakudya. Matoropa, asilikali a Apwitikizi aja, ankabwera kudzafunsa amene wapereka chakudya. Ukapereka walakwa, ukakana walakwa. Tsiku lina m'mawa ndege inazungulira, pofika masana midzi ya kumtunda ikufuka. Anthu anabalalika. Apongozi, alamu anga ndi mbumba yonse anadzera m'mapiri kulowa ku Malawi. Ife tinatsalira chifukwa mkazi wanga anali ndi mimba yaikulu, phiri sakanalitha. Matoropa anatipeza tikuyenda mumsewu, anatiponya m'kamiyawu, galimoto yawo yaikulu ija, mpaka ku Mandimba. Kumeneko anali atazunguliza waya malo aakulu, n'kuthiramo anthu a midzi yosiyanasiyana, Anyanja, Ayao, Alomwe, ngati nkhuku za pamsika.

Mwezi sunathe, mkazi wanga anamwalira pobereka. Khandalo linapita naye limodzi. Manda anakumba anthu amene sankamudziwa n'komwe dzina.

Tsono mumve apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kwa ife maliro satha ndi kukwirira. Abale a mkazi ayenera kukhala pansi, akumete tsitsi, kenako akusudzule, akuuze kuti pita mkamwini, tilibe nawe mlandu. Asanatero, iwe ndi mwana wako imfa ikadali pathupi panu. Mkazi amene amagona ndi mwamuna wake akathira mchere m'ndiwo n'kukupatsani, mwana amatupa. Ife timati tsempho, Ayao amati ndaka. Mukhulupirire, musakhulupirire, zanu izo. Koma m'waya muja munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene sankaopa. Ndipo ondimeta ine onse anali ku Malawi.

Mlembi uja anali munthu wakuda ngati ine ndemwe, wobadwira cha ku Masangulo komweko, kungoti iye sukulu anapitiriza pamene ife tinalekera. Kabudula wa kaki, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zowala ngakhale kuli fumbi. Chinyanja ankayankhula, Chiyao ankayankhula, Chipwitikizi ndiye ngati anayamwira. Sankamenya munthu. Sankaba, zimenezo ndivomereza, thumba likabwera lodzaza linkafika kwa anthu lodzaza. Tinkamutcha a sinyolo, ndiye kuti bwana.

Koma anali ndi lamulo lake lodzipangira yekha. Ufa, nyemba ndi mchere ankapereka kwa amayi okha. Poyamba akuti ankapatsa amuna, ndiye amuna ena ankakasinthitsa ufawo ndi vinyu ku kantina, ana n'kugona ndi njala. Zinachitikadi, ndinaziona. Ndiye iye anati ufa uzipita kwa mwini mphika. Mwamuna wopanda mkazi apeze banja loti azidya nawo, mayi wa pabanjapo amuwonjezera muyezo. Amayi anakondwa kwambiri. Mpaka lero akukondwabe.

Tsiku logawa litafika ndinatenga dengu la malemu mkazi wanga, mwana ndamugwira padzanja, ndinakaima pamzere wa amayi.

"Bambo, mwasochera," anatero mayi wina wa kumbuyo kwanga. "Wa fodya mzere uli uko."

"Asiyeni anzanu," wina anayankha. "Mwina m'kati mwa buluku muli chitenje."

Anaseka. Koma wina atawanong'oneza kuti ndine uja wa maliro, kuseka kunatha, ndipo ndinaona mzere ukutseguka, kutsogolo mpata, kumbuyo mpata, ine ndi mwana pakati.

Nditafika patebulo mlembi anandiyang'ana, n'kuyang'ana dengu.

"Bambo, amayi ali kuti?"

"Ali kumanda, a sinyolo. Malo ake munaloza ndinu."

Anavula chipewa. "Pepani kwambiri, bambo. Ndakumbuka. Ndiye mupeze banja loti muzidya nawo, ine ndiwonjezera kumeneko."

"Palibe angalole. Sindinametedwe."

Sanafunse kuti kumetedwa n'chiyani. Ankadziwa. Amayi ake omubala anali a mwambo womwewu.

"Zimenezo n'zakale, bambo," anatero. "Ino ndi nkhondo."

"Ndiye thirani muno m'dengu. Kuphika ndimatha, ndakulira pa usodzi."

"Ndikakupatsani inu lero, mawa pano padzaza amuna, aliyense mkazi wake wamwalira dzulo. Sindingathe."

Sipayo, wapolisi wa pa ofesipo, anandigwira phewa n'kundikankhira pambali. Dengu linabwerera lopanda kanthu.

Mawa lake mlembi anabwera yekha panjinga kudzakonza zinthu, mmene iye ankaonera kukonza. Anaitana mayi wina wachitsikana wa msasa woyandikana ndi wanga, n'kumulamula kuti azitiphikira. Mayiyo sanakane, angakane bwanji munthu wa ufa? Anayesetsa, mayi uja, ndilibe naye chifukwa. Mchere sankathira yekha, ankaitana mwana wanga kuti athire ndi dzanja lake, monga amachitira amayi ochenjera. Vuto linali mwamuna wake, chimunthu cha mimba ngati nkhokwe. Muyezo wowonjezera uja unkathera mwa iye. Kwa ife kunkafika zokokota za mumphika ndi madzi a nyemba. Ndikalankhula ankati, "Mlendo sayesa mtanda, achimwene. Mukafuna wokwana kafukuleni akazi anu." Ndinamumenya kamodzi. Sindikupepesa.

Kenako mwana anayamba kutupa. Mapazi poyamba, kenako masaya. Tsitsi linafiira, linkathothoka ukalipesa ndi zala.

M'waya monse munamveka kuti tsempho. Ena ankati mayi uja anaiwala, anathira mchere yekha. Mwamuna wake, pofuna kuteteza nyumba yake, ankauza anthu kuti ine ndiye ndadumpha maliro, ndagona ndi mkazi kwinakwake ndisanametedwe. Ine! Munthu amene ngakhale moni amayi ankandipatsira patali. Mayi uja anabwera m'mawa, anagwada kutali, n'kuika pansi mbale yathu.

"Bambo, mundikhululukire. Sindikufuna mlandu wa mwana wa eni."

Basi. Kuyambira pamenepo tinatsala awiri.

Anthu amaganiza kuti kukhala wekha ndi kukhala kutchire. Ayi. Kukhala wekha ndi kukhala pakati pa anthu odzaza ngati chiswe, utsi wa moto wawo ukukulowa m'maso, koma palibe wokuitana kuti sendera kuno. Amuna akamacheza pansi pa mtengo, ine ndikafika nkhani inkatha, mmodzimmodzi ankakumbuka kuti ali ndi ntchito. Mwana wanga akapita kumene anzake akusewera, umangomva amayi akuitana ana awo mayina. Ankabwerera, n'kukhala pakhomo pa msasa, akubereka chitsononkho kumbuyo ndi kansanza. Sankafunsa chifukwa. Akanafunsa bwenzi zili bwino. Ankangokhala.

Amuna tinkatengedwa m'mawa kukadula tchire m'mbali mwa msewu wa ku Kwamba, kuti anyamata a m'tchire asapeze pobisalira. Kumeneko masana ankatipatsa chakudya. Changa ndinkadya theka, theka ndinkakulunga m'masamba kubwera nacho kwa mwana. Ndikapeza mbewa kapena bowa ndinkabisa m'malaya. Ndinkaphika m'chitini cha mafuta chimene matoropa anataya. Koma tsiku lonse mwana ankakhala yekha, wopanda womupatsa ngakhale madzi, ndipo chimene ndinkabweretsa sichinali chakudya cha mwana wodwala. Tsiku lililonse logawa ndinkapita ndi dengu. Tsiku lililonse logawa yankho linali lomwelo, mwaulemu, ndi pepani wake.

Muyezo umodzi wa ufa ndi nyemba m'dzanja langa. N'zimene ndinkapempha. Sindinapemphe ng'ombe.

Tsiku lina mwana analephera kuimirira. Sindinapite kumsewu. Ndinamunyamula mpaka ku ofesi, ndinadutsa sipayo pakhomo osamuyang'ana, n'kumugoneka mwanayo patebulo pa mlembi.

"Onani ntchito yanu," ndinatero.

Anaimirira. Anadina chala paphazi la mwana, pamene anadinapo panatsala dzenje. Nkhope yake inasintha, zimenezo ndinaona.

"Ili si tsempho, bambo. Iyi ndi njala."

"Mukuuza ine? Ndiye ndipatseni ufa!"

"Apa ufa suthandizanso. Akufunika mkaka ndi dotolo. Magalimoto a ku Kwamba akunyamuka masana ano, apite nawo kuchipatala."

"Ndipita naye."

"Amuna a kumsewu saloledwa kuchoka, giya sangakulembereni." Giya ndi chilolezo cha ulendo, popanda chimenecho ukapezeka panjira ndiwe wa m'tchire, amakuwombera. "Kuli mlongo wanga ku Kwamba, azikamuona. Akachira abwerera, bambo. Ndikukulonjezani."

Ndinakana. Ndinamunyamula mwana wanga kuti ndizipita. Masipayo awiri anandigwira, wachitatu anandimasula zala chimodzichimodzi. Mlembi ankangoti, "Musamupweteke, musamupweteke," ngati zimenezo ndiye zofunika. Mwana sanalire. Analibe mphamvu zolirira. Anamukweza kutsogolo kwa kamiyawu, pamiyendo pa mayi wina amene sindinkamudziwa, ndipo ndinaona fumbi lokha.

Mukudziwa chimene chinandipweteka kwambiri? Mwana atachoka, vuto langa la chakudya linatha. Cha kumsewu chija chinkandikwana ndekha. Ndinkakhuta. Ndinkabwera madzulo kumsasa ndili wokhuta, n'kukhala pakhomo, wopanda womupatsa kanthu.

Ndikakumana ndi mlembi ndinkafunsa. "Ali bwino, bambo, kutupa kwatha." Mwezi wina, "Akunenepa, simungamudziwe." Ndikati nanga abwera liti, ankati msewu ndi woopsa, mabomba akwiriridwa paliponse, mukufuna afere panjira? Dzinja linadutsa. Linabwera lina, linadutsanso. Kenako ndinamva kuti mlembi amusamutsira ku Kwamba komweko, wakwezedwa. Amayi a m'waya anamuperekeza ndi nyimbo. Wobwera m'malo mwake anasunga lamulo lomwe lija, chifukwa aliyense ankati ndi labwino.

Giya ndinadzaipeza pamene ankafuna amuna okweza matumba a thonje pa magalimoto opita ku Kwamba. Ndinadzipereka ndisanafunsidwe. Titatsitsa katundu kusiteshoni ya sitima ndinayamba kufunsa. Sizinavute. Mlongo wa mlembi anakwatiwa ndi mkaladi wina wogwira ntchito ya njanji, ankakhala m'nyumba za njerwa kuseri kwa siteshoni, za malata, mpopi wa madzi pabwalo.

Mwana wanga ndinamuona ndisanalowe pampanda. Ankatsuka mbale pampopi. Wamtali, masaya enieni osati otupa, tsitsi lakuda loluka bwino, diresi la maluwa. Kayendedwe ka amayi ake. Ndinagwira mpanda.

Ndinamuitana dzina. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kuthawira m'nyumba akukuwa m'Chipwitikizi.

Sindimuimba mlandu. Kuchokera tsiku la maliro lumo linali lisanandikhudze. Tsitsi linali litapotana zingwezingwe, ndevu mpaka pachifuwa, thonje litamatirira paliponse. Ngakhale ine ndikanathawa.

Anatuluka mayi wa nyumbayo, wonenepa, chinsalu chophikira m'chiuno. Nditamuuza kuti ndine ndani sanandipatse mpando.

"Ndinu bambo ake? Mwana uyu anabwera kuno ngati thumba la madzi. Kuchipatala anati sadzuka. Ine ndi amene ndinkamudonthezera mkaka ndi supuni. Inu munali kuti?"

"Ndinali kumene achimwene anu ananditsekera, mayi. Kafunseni iwo."

Mayiyo anatuma munthu, ndipo posachedwa mlembi anafika. Tsopano anali ndi buluku lalitali. Anandipatsa dzanja, ine sindinalandire. Anaitanitsa mipando, anaitanitsa tiyi, anaitana mwana. Mwanayo anabwera atagwira chinsalu cha mayi uja, anagwada, n'kunena moni wa Chipwitikizi, maso ali pansi.

"Mwanawe, ndine bambo ako," ndinatero. "Wandiiwala?"

Anayang'ana mayi uja kuti amuuze choyankha.

"Chinyanja chinamuchoka pang'ono," anatero mlembi. "Ali pasukulu, bambo. Akuwerenga kale. Aphunzitsi akumuyamikira."

"Ndabwera kudzamutenga. Munati akachira abwerera."

"Mukamusunga kuti? M'waya muja?"

"Kumene ndili ine. Ndi mwana wanga."

Mlembi anazunguza supuni m'kapu. Kenako ananena mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka ndimafuna kuswa chinthu.

"Bambo, inu mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mwana ndi wa kuchikazi. Inu ndinu mkamwini, ndipo sanakusudzuleni n'komwe. Ine sindingapereke mwana wa eni popanda mwini mbumba. Abwere malume ake adzanene, ine ndimupereka tsiku lomwelo."

Ndinaimirira, mpando unagwa.

"Pa ufa paja munati mwambo ndi zakale! Munati ino ndi nkhondo! Lero mwambo wauka kumanda?"

Sanakweze mawu. Munthu uja sankakweza mawu, n'chifukwa chake anthu amati anali wabwino.

"Paja ndinkasunga anthu ambiri, bambo. Lero ndikusunga mmodzi."

"Malume ake ali ku Malawi. Ndilembereni giya ndikawatenge."

"Giya ya ku Malawi kulibe. Mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Iyenso ankadziwa kuti ndikudziwa. Anandiikira khomo limene analikhoma kale ndi misomali, n'kundiuza mwaulemu kuti ndidzere pamenepo.

Ndikanamugwira pakhosi. Manja anali okonzeka. Koma mwana anali atabisala kumbuyo kwa mayi uja, ndipo amene ankamuopa sanali mlembi. Mwamuna wa njanji uja anali atatulukanso, waima pakhonde ndi chitsulo m'manja. Mayi wa nyumba anandikulungira buledi m'pepala. Bulediyo ndinamusiya pampando. Magalimoto a thonje ankabwerera tsiku lomwelo ndipo giya yanga inkathera pomwepo. Ndinakwera.

Nkhondo itatha, waya atadula, ndinawoloka malire kukafuna alamu anga. Ndinawapeza cha ku Namwera, apongozi atamwalira kale, mlamu wamkulu, malume ake a mwana, akulima fodya pa munda wa mwini. Analira atamva za mlongo wake. Anandimeta, anandisudzula, zonse anachita bwino. Nditamuuza za mwana kuti tiyeni ku Kwamba mukanene mawu amodzi okha, anayang'ana ana ake amene anali pabwalo, mimba kunja, opanda malaya.

"Alamu, mwati ali pasukulu? Akudya mpunga?"

"Akudya."

"Ndiye mukufuna ndikamuchotse pa mpunga ndidzamuike pa gaga? Musiyeni. Mulungu anamuonera."

Mulungu. Aliyense m'nkhani imeneyi ali ndi Mulungu wake womuonera, kupatula ine.

Ena amandiuza kuti usadandaule, mwana ali moyo, akanakhala ndi iwe akanafa. Akanafa chifukwa cha ndani? Anamutupitsa ndani? Munthu akukankhire m'chitsime, kenako akuponyere chingwe, ndiye uzimuthokoza moyo wako wonse? Ine ayi. Lamulo lake linadyetsa ana ambiri, chabwino. Koma analipanga yekha, pakamwa pake, ndipo akanatha kulimasula kamodzi kwa munthu mmodzi amene ankamuona ndi maso kuti sakunama. Sanafune kuti lamulo lake lokongola lichite banga. Banga linakhala ine.

Sindinakwatirenso. Ndinabwerera ku Mandimba, ndimakonza njinga pafupi ndi msika. Mwana wanga ndi mayi tsopano, ali ku Kwamba konko, anakwatiwa ndi wa njanji nayenso. Ndinapitako ana ake atabadwa. Anandilandira bwino, sindinama. Anandipatsa mpando pakhonde, madzi osamba m'manja, nkhuku. Ankayankhula Chinyanja chothyokathyoka, ine Chipwitikizi chothyokathyoka, tinkakumana pakati. Amene amawatcha makolo ake ndi a m'nyumba ya njerwa aja, ndipo mlembi ndiye malume ake, chithunzi chake chili pakhoma.

Titatha kudya, ana atapita kosewera, ndinamufunsa ngati akukumbukira amayi ake. Anapukusa mutu. Ndinafunsa za mudzi wa ku Itepela, mtengo wa mango wa pakhomo, mbuzi yake ija yamawanga. Ayi. Ndinafunsa ngati akukumbukira chilichonse cha nthawi imene anali ndi ine.

Anaganiza nthawi yaitali, chifukwa ndi mwana woona mtima, sanafune kundinamiza.

"Ndimakumbukira njala," anatero. "Pepani, bambo. Njala basi."

Anandikonzera pogona m'chipinda cha alendo. Ndinamuuza kuti ndasiya njinga za anthu zosakonza, ndipo ndinapita kukadikira galimoto ya ku Mandimba dzuwa likadalipo.